Tsiku Lomwe Galimoto Yanga Inakangana Yokha

Mukadzadutsa padambo la kwathu, panjira yochokera ku Nsaru kulowera ku Namitete, mudzaona dzenje lomwe ng'ombe zimamwapo madzi. Anthu amalitcha chitsime cha madala. Madalawo ndine, koma sindinakumbe ndi khasu ayi.

Ndiyambe ndi mlandu wanga wakale. Tsiku lomwe matenda a mwana wathu woyamba anamuyamba mkazi wanga Nangozo, ine ndinali nditatenga ngolo kupita kumowa kutsidya. Anauyamba wapansi ndi amayi ake, mvula ili pamsana, ndipo anachirira padambo lomwelo. Anatsala pang'ono kutisiya. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, anangomutcha mwanayo Munalikuti. Mowa ndinasiya, ndinalowa kalasi kutchalitchi, ndinakhala pansi kusukulu ya kwacha ndili ndi imvi mpaka kudziwa kulemba zomwe mukuwerengazi, koma dzina silifufutika. Munthu wina aliyense akaitana mwana wanga, amakhala akundifunsa ine.

Tsono Munalikuti, yemwe timangoti Muna, atakwatiwa n'kuima, anamwino n'kunena kuti mwezi wake ndi wa Febuluwale, ndinalumbira kuti uyu yekha sachirira m'matope. Fodya anali atandikomera chaka chimenecho, choncho ndinagula kagalimoto kakale kwa mphunzitsi wina wopuma. Mvula yoyamba itangogwa, kanatitimira padambo paja. Matayala akutsogolo ankapalasa ngati nkhuku, akumbuyo ali phee ngati alendo.

Ndinapita nako kwa a Yotamu, omwe amawotcherera ngolo pa Nsaru. (Dziwani kuti makaniko weniweni analipo, koma ndinkamuona ngati mwana.)

"Madala, iyi imakoka ndi miyendo yakutsogolo yokha," anatero a Yotamu. "Yakumbuyoyi ndi yoperekeza."

"Nanga za mabungwe zija zimadutsa bwanji m'matope?"

"Zija zimakoka ndi inayi yonse."

"Ndiye iphunzitseni nayonso."

A Yotamu anakwawira pansi pa galimoto, natuluka akupukusa mutu. Anati giyabokosi yake ilibe potulukira shafiti yopita kumbuyo. Kenaka maso awo anawala.

"Kodi ngolo ikalemera mumatani?"

"Timawonjezera ng'ombe."

"Basitu! Tiwonjezere injini."

Kunena zoona, mawu amenewo anandigwira mtima kuposa ulaliki wambiri womwe ndamvapo. Tinapeza difu ya lole yaing'ono yomwe inafa kale, n'kuimangirira kumbuyo kuti izizunguza matayala akumbuyowo. Tinagula kainjini ka dizilo komwe kankayendetsa chigayo, n'kukakhazika m'buti. Tinaboola pansi kuti lamba wochokera ku injiniyo kupita ku difu adutse. Panangofunika munthu wokhala m'butimo, woti akamva hutala kawiri azungulize handulo n'kukoka chitsulo chokungira lamba. Ntchito imeneyo ndinaipereka kwa mkamwini wanga Gedioni, mwamuna wa Muna, munthu waulemu woti akandiona panjira amapatukira m'chimanga.

Tsiku loyesa tinaikweza galimoto panjerwa, anthu atadzaza bwalo. Ndinaliza injini yanga, Gedioni analiza yake, ndipo matayala onse anayi anayamba kuzungulira m'malere. Amayi ena analulutira. A Yotamu anavula chipewa ngati ali pamaliro a mfumu.

"Bwanji akamwini, mwaona?" ndinafunsa.

"Ndaona, bambo," anatero akuyang'ana zala za kumapazi. "Onse akuzungulira ndithu."

Nangozo yekha ndiye anafunsa kuti, "Kodi pansi mwayesapo?" Ndinamuuza kuti injini yakumbuyo ndi ya m'matope, kuiyendetsa pouma n'kutha lamba pachabe. Anangoti, "Oho," n'kubwerera kukapeta.

Matenda anamuyamba Muna Lachiwiri lina m'mawa, dambo litakhuta madzi. Anakhala kumbuyo ndi amayi ake, Gedioni anadzipinda m'buti, ine pachiwongolero nditavala jekete ya kutchalitchi. Titafika padambo galimoto inayamba kupalasa monga mwa masiku onse, koma ine ndinamwetulira. Ndinaliza hutala kawiri.

Kumbuyo kunamveka tu, tu, tu, tu. Galimoto yonse inanjenjemera ngati yagwidwa malungo, koma osasuntha. Ndinaona matope akuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ena akuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, n'kumakumana pazitseko. Munthu wanzeru akanazimitsa pomwepo. Ine ndinaganiza kuti mphamvu yachepa, ndiye ndinaponda moto mpaka phazi kufika pansi. Tinayamba kutsika pang'onopang'ono ngati bokosi m'manda.

"Ababa!" anakuwa Muna. "Kodi tikupita kapena tikubwerera?"

"Zonse ziwiri, mwanangu," anayankha Nangozo.

Pomwe ndinkazimitsa, zitseko zinali zosatsegulika. Ndinatulukira pawindo. Gedioni anatuluka m'buti atada ndi utsi, maso okha akuyera, n'kunjuta m'matope momwemo.

"Bambo, pepani. Akumbuyowa amazungulira chobwerera. Ndinaona tsiku lija panjerwa."

"Munaona? Nanga osanena bwanji?"

"Ndikanayamba bwanji kukonza apongozi pagulu, amayi akululutira?"

Ulemu umenewo ndi womwe ndinkamutamira nawo kwa anzanga. Gulu lonse lija tinaombera m'manja ng'ombe zomangidwa pagoli limodzi, ina yoyang'ana ku Namitete, ina yoyang'ana kunyumba.

Kenaka Muna anabuula, kubuula kwenikweni, ndipo kuseka konse kunandithera. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mtengo wa mkuyu womwe iye anabadwira pansi pake unali pomwepo, mapazi khumi kuchokera pagalimoto. Ndinati Ambuye, kawiri padambo limodzi?

Ndipamene ndinamva chikwapu kumbuyo kwathu. Anali alamu anga, achimwene ake a Nangozo, akubwera ndi ngolo, matiresi atayala kale.

"Ndinawauza kuti azititsatira chapatali," anatero Nangozo akutulutsa mwendo pawindo. "Sindinakwatiwe nanu dzulo."

Tinamunyamula Muna n'kumugoneka m'ngolo. Ine ndinavula nsapato, ndinagwira chingwe kutsogolo kwa ng'ombe, n'kuzitsogolera m'matope ofika m'mawondo. Sindinachisiye chingwecho mpaka pageti pa chipatala cha mishoni, ngakhale alamu ankati tisinthane. Dzuwa litapendeka, mdzukulu wanga wamkazi anabadwira pabedi, pansi pa malata, anamwino ali pambali. Ine ndinali panja pa benchi, matope akuuma pajekete, ndikulira ngati ndine ndabadwa.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, anapempha Nangozo kuti atchule dzina. Anamuyang'ana mwanayo, kenaka anandiyang'ana ine.

"Uyu ndi Munalipo," anatero. Ndisanameze malovu anawonjezera kuti, "Kutichedwetsa munatichedwetsa, koma munalipo."

Galimoto inakhala padambo masiku anayi, n'kudzazulidwa ndi ng'ombe zinayi, zonse zoyang'ana mbali imodzi. Ndinaphunzirapo kuti chinthu chikamazungulira, uziyamba wafunsa komwe chikupita. Komabe a Yotamu akuti cholakwika chinali chaching'ono, timangofunika kupingasa lamba. Mng'ono wake wa Muna akukwatiwa chaka chino. Lamba watsopano ndagula kale, ndamubisa m'chigafa. Mukakumana ndi Nangozo, simunamve kwa ine.