Nyimbo za aNaphiri mu Laputopu

Lolemba

Mtima sunakhazikike chichokereni kutchalitchi dzulo. Amai Sakala, mlangizi mnzanga, akuti foni ya mlamu wawo yalowedwa ndi akuba a pa intaneti. Zithunzi zonse zafika kwa aliyense, mpaka kwa akatekisiti. Mwini wake akuti sakutuluka m'nyumba, madzi akuchita kutungiridwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine zithunzi ndilibe nazo ntchito. Changa ndi foda ija ili mu laputopu. Muli nyimbo zathu za ulangizi, zomwe ndinajambula kwa malemu aNaphiri, mkulu wa ife alangizi kuno ku Nabvutika, atatsala pang'ono kutisiya. Mawu awo enieni, ndi kutsokomola kwawo komwe. Nyimbozi mwamuna samva, ngakhale mtsikana wosalangizidwa samva. Tsiku lojambulalo anandiloza chala: "Iwe, kabokosi kakoka kali ndi pakamwa. Kakadzaulula udzandiyankha."

Zikatuluka ndiye ndatha. Ndani angadzandipatsenso mwana wake kuti ndimulangize?

Laputopu anandipatsa ndi mwana wanga Tiyamike, koma amene aikwatira ndi bambo ake. Munthu wa imvi, wopuma pantchito, tsiku lonse kukalipira tianthu tothamangitsa mpira pagalasi. Akagoletsa amaimirira. Munda wa ku Madzimoyo ukuwaona mwa apo ndi apo ngati mlendo.

Loweruka tikulangiza Chisomo, mwana wa anzathu a m'kwaya, amene akukwatiwa posachedwa. Nyimbo zitatu sindinazigwirebe bwino, ndiyenera kumverabe aNaphiri sabata yonse. Koma choyamba ndikhome nyumba:

1. Pasiwedi yolimba.
2. Kutseka kadiso ka kamera.
3. Kusintha dzina la foda.
4. Gemu ya mpira ichoke.

Pofika Lachitatu zonse zikhala zatha.

Lachiwiri

Kadiso ndakamata ndi pulasitala wa pachilonda. Laputopu ikuoneka ngati yamenyedwa kumowa, koma sikundiyang'ananso.

Foda ndaitcha "Feteleza". Ndati dzina losasangalatsa, palibe angaligwire. Ndatuluka kukayanika zovala, pobwera ndapeza bambo a Tiyamike atavala magalasi, chala chili pomwepo. "Kansi uli na mitengo ya feteleza muno? Nione." Ndalanda laputopu ngati ndikulanda mpeni kwa khanda. Zaka zonsezi ndili ndi mlimi m'nyumba, ine n'kusankha feteleza! Tsopano foda ikutchedwa "Kuluka Zipewa za Ana".

Pasiwedi: ndamuimbira Tiyamike, ali ku Lusaka kumaphunziro a unamwino mpaka mwezi wamawa. Akuti lisakhale dzina langa, lisakhale la mdzukulu, lisakhale chaka chobadwa. Akhale mawu aatali omwe munthu sangawalote. Ndiye ndatenga mzere woyamba wa nyimbo ya aNaphiri, ija yotsekera mwambo, yoimba titatseka chitseko. Palibe mwamuna amene amaudziwa padziko lonse lapansi. Wakuba wa kunja ayese.

Ndaikanso kuti laputopu izidzikhoma yokha ikangokhala kanthawi osagwiridwa. Ndadzitama ndekha.

Bambo a Tiyamike akwiya. Pofuna mpira wawo akuchita kundipempha, ine n'kuwauza ayang'ane kukhoma. "Ni gemu chabe, osati banki," akutero. Za kuchotsa gemuyo sindinawauze. Mawa.

Lachitatu

Ndawauza. Pofuna kuteteza mpira wawo, aulula zomwe sindinafunse.

Gemuyo akuti si yoongoka. Eni ake kunjako anaikhoma ndi loko kuti anthu asamakopere. Bambo wina wogulitsa mafilimu kumsika ndiye ali nayo yothyola kale loko, amaika pafulashi kwa aliyense. Ndipo kuti igwire ntchito, akuti uyenera kuzimitsa mlonda wa mu laputopu, uja amagwira tizilombo. "Anakamba kuti mlonda ni wansanje chabe, amadana na mpira."

Ndafunsa kuti anamuzimitsa liti mlondayo. Akuti chaka chatha, nthawi yokolola mtedza.

Chaka chonse! Ine kumata kadiso ndi pulasitala, chitseko chakumbuyo chili pululu.

Komanso anthu a kunjawo sindikuwamvetsa. Mpira wabodza, udzu wabodza, anthu osatuluka thukuta, ndiye mpaka kuukhoma ndi loko ngati nkhokwe? Akanausiya poyera bwenzi mwamuna wanga asanakaitane wothyola maloko.

Ndamuyatsa mlonda. Wadzuka ndi ukali wa munthu wogona chaka. Zofiira ponseponse, kulira ngati belu la njinga. Zotsatira zake:

gemu yafa
foda yanga yayera mbee, ndikaigogoda sikutseguka
kwatuluka chibokosi chakuda chokhala ndi wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo

Chizungu changa n'chochepa koma ndamva. Akuti zonse zili muno azitenga, ndipo nthawi ikatha azimwaza kwa anthu onse. Ndawerengetsa ndi zala kawiri. Wotchiyo ikuthera Loweruka m'mawa.

Ndazimitsa laputopu. Ndaiyatsanso kuti ndione ngati wotchi yaima. Siinaime. Ndaifunditsa bulangeti, ndaiika pansi pa bedi, ndakhala pamwamba pake. Ndili ndi mantha, mantha enieni.

Bambo a Tiyamike akuyenda monyang'ama. Atsuka okha kapu yawo.

Lachinayi

Okonza makompyuta alipo ambiri m'tauni. Vuto ndi limodzi: ayenera kukhala mkazi, wolangizidwa kale.

Ndakulunga laputopu m'chitenje, ndakwera njinga yahayala. Wopalasa akufunsa ngati mwana akudwala. Ndati inde.

Shopu yoyamba, mwamuna. Yachiwiri, amuna awiri ndi mnzawo wongokhala. Yachitatu, mwamuna wa ndolo kukhutu: "Siyani mami, mubwere mailo, tizaona zonse zili mukati." Tizaona zonse! Ndatuluka chobwerera m'mbuyo.

Mayi wogulitsa nthochi pakhonde wandilozera kashopu ka fotokope kuseri kwa msika. Akuti muli mtsikana amene anaphunzira makompyuta kukoleji, amuna onsewa zikawakanika amapita kwa iye. Ndathamanga, mtima uli phee koyamba chiyambire dzulo.

Ndalowa. Ndi Chisomo.

Namwali wathu wa Loweruka yemweyo. Ine ndimadziwa kuti amagwira ntchito ya mapepala, za makompyuta sindinamvepo. Wagwada bwinobwino, maso ali pachitenje. "Amai, nikuthandizeni chani?"

Ndikanatani? Nyimbo zimenezi ayenera kuzimva Loweruka masana, chitseko chotseka, ali pamphasa, kuchokera pakamwa pathu. Osati Lachinayi pakati pa makina a fotokope, kwinaku akundiphunzitsa ine. Ndipo pomwe iye azidzakhala woyenera kumva, wotchi idzakhala itatha kale m'mawa.

Ndati ndabwera kudzagula envulopu. Ndagula envulopu. Ndilibe woti ndimulembere.

Pobwerera aliyense wogwira foni ndimaona ngati akumvera aNaphiri. Anyamata ena aseka pa siteji ya mabasi, ine thukuta kamu.

Watsala munthu mmodzi. Bambo a Tiyamike amutchula pa chakudya chamasana, ine n'kutsamwa. Ndi aZulu, amuna a Tiyamike, amene amayang'anira makompyuta kuntchito kwawo. Apongozi anga enieni! Chikwatireni mwana wanga sitinakhalepo m'chipinda chimodzi. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire.

Lachisanu

Apongozi abwera m'mawa. Takonza motere: laputopu patebulo pabalaza, iwo pampando, ine kukhitchini kuseri kwa chitseko, bambo a Tiyamike pakati kunyamula mawu.

Mawu oyamba kufika: apongozi akupempha pasiwedi.

Ndinaona mdima. Mzere uja, kwa mwamuna wa mwana wanga! Ngakhale kuulemba papepala dzanja lingaume. Ndabweza yankho kuti atuluke.

Ndiye zayenda chonchi. Apongozi atuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango. Bambo a Tiyamike ayang'ana kukhoma. Ine ndilowa, nditayipa, ndithawira kukhitchini. Apongozi abwerera. Akangoyamba kufotokoza kanthu, bambo a Tiyamike n'kubwera nako kwa ine, n'kubwerera ndi yankho, laputopu yadzikhoma yokha monga ndinailamulira. Apongozi kumango. Kasanu ndi kawiri. Aneba atulutsa mipando.

Zomwe zandifika kudzera mwa bambo a Tiyamike, amene theka amaiwala panjira:

Kachilombo kalipodi, kanabwera ndi gemu. Foda sinafe, kangoibisa. Wotchi ija kawirikawiri imakhala yongoopseza, ndipo popanda intaneti palibe chingatuluke. Angathe kupulumutsa zonse, koma ayenera kuziika kaye pafulashi yawo ndi kutsegula chimodzichimodzi kuti aone ngati zili bwino.

Kutsegula. Ndiye kuti aNaphiri ayambe kuimba pabalaza panga, apongozi ali tcheru, kenako nyimbozo zikagone m'thumba la buluku lawo.

Ndafunsa funso limodzi: angalumbire kuti wotchi ija ndi yabodza? Yankho ndalimva ndekha kudutsa chitseko, mwaulemu wawo wonse: "Auzeni amai kuti nikhulupirira ni boza. Koma kulumbira, awai, siningalumbire."

Ndafunsa njira ina. Akuti kufufuta zonse, laputopu ibwerere ngati yatsopano. Kachilombo kafa, wotchi yafa, foda nayo yapita osabwereranso. Akuti ndiganize kaye, palibe chothamangira, ndingoizimitsa n'kuisunga.

Kuisunga, wotchi ikuyenda mkatimo? Ine ndinaona ndi maso anga kuti siima. Ndinaona mlamu wa Amai Sakala akutungiridwa madzi. Ndinaona chala cha aNaphiri.

Ndati afufute.

Apongozi anafunsa kawiri. Kachitatu bambo a Tiyamike anandifunsa mwa iwo okha, ndi mawu ofatsa omwe sindinawamve kalekale. Ndati afufute.

Sizinatenge nthawi. Ndimayesa pamveka kanthu. Apongozi akana tiyi, apita.

Loweruka

M'mawa wadutsa. Palibe foni yalira, palibe wandiloza chala. Ndapita kwa azakhali a Chisomo ku Madzimoyo ndi mutu wopepuka, ndikuti ndapambana.

Tatseka chitseko, ng'oma yayamba. Nyimbo zomwe ndimazidziwa zayenda bwino. Tafika pa zitatu zija.

Yoyamba: ndayamba ine, ndaima pakati, Amai Sakala aitola n'kuifikitsa. Yachiwiri: tasonkha, wina mzere, wina mzere, yatuluka yotsimphina koma yatuluka. Yachitatu, ija aNaphiri amatsekera nayo mwambo, amaiimba okha ife n'kumangovomera. Onse atembenukira kwa ine. "Si iwe unaijambula?"

Ndatsegula pakamwa. Mzere woyamba wabwera, uja ndautayipa sabata yonse. Wachiwiri kulibe. Ng'oma yadikira, yadikira, yaleka. Ndati pakhosi pauma. Tatsekera ndi pemphero.

Titatha, Chisomo wabwera kudzagwada pafupi nane, mutu pansi monga tamuphunzitsira. Wanong'ona: "Amai, tsiku lija munanyamula laputopu, si envulopu munabwerera." Tsopano ndi mkazi mnzanga, palibe chobisa. Ndamuuza zonse.

Wati: "Ija wotchi ni chithunzi chabe, nimachotsa kaŵiri katatu pa sabata. Sembe munaizimya n'kulindira lelo. Manje nili womasuka kumva, sembe nakonza madzulo ano."

Ndafunsa ngati zofufutidwa zimabwerera. Wafunsa mmene apongozi anafufutira. Ndamuuza kuti ndinawalamula afufute kotheratu, kuti ngakhale katswiri asapeze kanthu. Wangondigwira dzanja.

Ndikanangodikira tsiku limodzi lokha. Ndalira m'basi njira yonse, anthu kumayesa ndi chimwemwe cha ukwati.

Lamulungu

Kutchalitchi Amai Sakala akuti za mlamu wawo zija zinaonjezedwa, chithunzi chinali chimodzi, ndipo anachitumiza yekha molakwitsa.

Laputopu ili patebulo, yoyera, yothamanga, mlonda ali maso. Mndandanda wanga wa Lolemba ndauona: zonse zinayi ndakwaniritsa. Palibe mwamuna anamva nyimbo za aNaphiri. Palibenso mkazi adzazimve.

Ndimaganiza kuti ndikusowa mawu a nyimbo. Ayi. Ndikusowa kutsokomola kuja, ndi pamene amaima pakati n'kunena kuti, "Wajambula? Zimitsa, ndimwe madzi."

Ndayendera amai awiri okalamba a m'dera lathu. Wina akukumbuka mzere wachitatu, wina akuti mayi wina wa ku Chipangali, msuweni wa aNaphiri, mwina amaidziwa ngati akadali ndi nzeru zake. Ndipita mvula isanayambe. Ndipita ndi Chisomo, wopanda kabokosi, tikakhale pansi mpaka ilowe m'mutu. Mwina tikapeza theka.

Pobwera ndapeza bambo a Tiyamike atabisa kanthu kumbuyo. Fulashi. Akuti mpira uja uli ndi aliyense, kwa ometa tsitsi, kwa aneba, ngakhale kwa akatekisiti. Wokhomedwa ndi maloko a kunja uja. Akuti apongozi awapezera wina wosafuna kuzimitsa mlonda, ndipo akupempha ndi ulemu wonse.

Ndawatsegulira. Pasiwedi yatsopano ndi dzina la mdzukulu wathu, ndawauza. Mulibenso choba.

Pulasitala ndamusiya pomwepo. Ndili kukhitchini, ndikung'ung'udza mzere woyamba mobwerezabwereza kuti mwina wachiwiri utsatira. Pabalaza aimirira, agoletsa.