Ngalande Yobiriwira pa Mapu

Kwa Olemekezeka Wapampando wa Komiti ya Mapulani,
Khonsolo ya tauni yathu.

Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa. Tsiku limene munatitumizira mlangizi wanu wa zachilengedwe, a Komiyama, ndinathamangira pakhomo kukawalandira nditavala masilipasi a kuchimbudzi. Ndinawerama mpaka msana kulira, iwo maso ali pamapazi anga. Mkazi wanga sanandikhululukirebe. Choncho powerenga kalatayi mudziwe kuti yalembedwa ndi munthu wosadziwa mwambo, mphunzitsi wopuma amene ku koleji anangokathera inki.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mapu a Ndondomeko Yobwezeretsa Chilengedwe. Ngalande yathu ya ku Sawazoko, imene ife mbuli tinkaiyesa ya matope, mwaipaka utoto wobiriwira. Chaka ndi chaka, tisanawoke mpunga, mudzi wonse umalowamo ndi mafosholo, khomo lililonse munthu mmodzi, kuchotsa matope kuti madzi ayende. Makolo athu ankatero, ndipo ziphaniphani, posadziwa kuti zikuzunzidwa, zinkadzaza ngalande yonseyo nyengo yotentha ikafika. Inu mwatiletsa. Fosholo, mwatero, imasokoneza chilengedwe.

Chachiwiri, ndikudziwitseni kuti chilengedwecho chayambadi kubwerera. Chabwera ndi fungo. Madzi aima, ndipo kumunda wakumapeto kwenikweni sakufikako ndi dontho lomwe. Mundawo ndi wa mayi Uchibori, amasiye, amene mbande zawo zayamba kufiira zikudikira madzi. Zikapanda kuwokedwa masiku ano omwe, chaka chino sakolola. Mayiwa anawapeza a Komiyama n'kuwafunsa kuti, "Mwana wanga, chilengedwe chakocho chimadya chiyani? Poti ine ndimadya mpunga." A Komiyama anawerama bwino kwambiri, kuposa ine, n'kunena kuti nkhaniyo aiganizira mozama. Akuganizabe.

Chachitatu ndiye chandigometsa. Kumtunda kwa ngalande yomweyo mwaloleza kampani kumanga Nyumba Yoonerako Ziphaniphani, ndi bwalo la phula loimikapo mabasi, ndi magetsi oyaka mpaka kucha kuti alendo asapunthwe. Ndinafunsa kuti zatheka bwanji. Akuti pa mapu malowo ndi oyera, utoto sunafikepo, ndiye palibe chilengedwe chimene chavulala. Ha! Nzeru zoterezi kumudzi sitikanazitola. Ife tinkangodziwa zachikale, zoti ziphaniphani zimafuna mdima kuti zipezane ndi anzawo, ngati anthu omwe. Koma ndamva kuti m'nyumbamo mudzakhala zapulasitiki, zoyendera mabatire, zosafuna madzi kapena mwamuna. Fosholo ya mayi wokalamba ndi yoopsa, koma chigalimoto chokumba chilibe mlandu. Ndaphunzira, Bwana.

Tsono za a Komiyama. Popeza khonde langa layang'anizana ndi ngalande, alisandutsa ofesi yolonderapo mafosholo athu. Amafika m'mawa, amamwa tiyi, amadya timakeke ta mpunga, dzuwa mpaka kupendeka. Mkazi wanga anaimika tsache chadodolido kuseri kwa chitseko n'kuliveka kansalu, monga timachitira mlendo akaiwala kwawo. Iwo analiona, n'kulijambula. Akuti ndi luso la makolo loyenera kutetezedwa.

Koma zimene tsache lalephera, ndondomeko yanu yakwanitsa. M'madzi oimawo mwaswana udzudzu wonenepa, wathanzi, wotetezedwa ndi lamulo. Madzulo ano wawalandira a Komiyama mwaulemu wonse, kuyambira m'khosi mpaka m'akakolo. Ndawakumbutsa modzichepetsa kuti asauphe, poti wachokera pobiriwira. Pamene ndikulemba mzere uno akuvala nsapato, akudzikanda, ndipo mkazi wanga akuwagwirira chitseko ndi nkhope yachimwemwe imene sindinaionepo chikwatirane.

Pempho langa ndi laling'ono. Loweruka likudzali muwaitanire a Komiyama ku msonkhano, ndipo ukhale wautali monga misonkhano yanu imakhalira. Mukamva phokoso la mafosholo, ndi achule amenewo. Lolemba mukapeza madzi akuyenda mpaka m'munda wa mayi Uchibori, musavutike kufufuza. Mungolemba mu lipoti kuti chilengedwe chabwerera chokha, ndipo ulemu wonse ukhale wanu. Ife matope okha atikwanira.

Apo a Komiyama atuluka pageti.

Ine wanu wowerama, tsopano wopanda chilichonse kumapazi,

Hirabayashi Genzo,
Sawazoko.