Mmene Ndinawotchera Masamu a Luzia

Mpaka lero mwana wanga Luzia salola kuti ndigwire pepala lake lililonse. Ngakhale khadi la kusikelo la mdzukulu wanga amandionetsa ali chapatali, ngati mmene munthu amadutsira ndi nyama pafupi ndi galu wakuba. Sindimudandaula ayi. Ndinazichita ndekha, ndipo ndinazichita ndikupemphera.

Luzia anabadwira kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Zobue kudzalima, ndipo iye atakulako tinamutumiza kwa mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Malawi komweko kuti akaphunzire. Mutu anatengera malemu bambo ake, osati ine (ine ndinalekera kalasi yachinayi, ndipo palibe mphunzitsi anandilira). Kusekondale analemba mayeso amene aliyense amalemba, kenako n'kuwonjezera ena ovuta kwambiri, a anthu odana ndi tulo: masamu, kimika (ku Malawi amati kemisitiri) ndi Chingerezi. Anakhoza onse, Ambuye alemekezeke.

Atapeza malo pakoleji ina ku Tete, anamuuza nkhani yokoma. Maphunziro atatu amenewo sawabwerezanso, amuwerengera ngati wawaphunzira kale pakolejipo, ndipo sukulu yake ifupika ndi theka la chaka. Chofunika chinali chimodzi chokha: abweretse setifikadu yeniyeni yokhala ndi karimbu, ndiye kuti chidindo, osati fotokopiya, Lachisanu lisanadutse.

Lolemba anafika nayo kuchokera ku Malawi. Iye ankapitirira ku Moatize kwa mlongo wake wogwira ntchito kumgodi, kukakonza pogona, ndiye anaopa kuti m'nyumba yodzaza ana ija ingaonongeke. Anaisiya kwa ine, munthu wamkulu wodalirika, kuti ndimupititsire Lachisanu m'mawa.

"Mama, mungoisunga. Musaichite chilichonse."

"Iwe, ine ndingaichite chiyani? Ndiidya?"

Tsono muyenera kudziwa kuti kumpingo kwathu chinthu chopita ku ofesi sichipita chouma. Mbewu timadzoza, njinga timadzoza, ngakhale mwamuna akayamba kuchedwa kumowa timamudzozera pilo. Ndiye Lachitatu, tsiku la mapemphero a amayi, ndinaikulunga pachitenje n'kupita nayo. Kungoti ikamve nawo mawu, ndinadziuza choncho.

Mtsogoleri wathu ndi Mayi Sabina, amene amakazinga chipisi ndi nkhuku pamalire, pomwe pamaima malole. Tsiku limenelo kabotolo ka mafuta odzozera ka abusa kanali katatha, ndiye iwo anabwera ndi akunyumba kwawo. Anati akangopemphereredwa ndi chimodzimodzi (mafuta amenewo, abale, anali atagwirapo kale ntchito ina).

"Kadontho kamodzi kokha, mayi," ndinatero.

"Make Luzia, kadontho ndi ka wodwala chimfine. Iyi ndi koleji! Kodi mukufuna mwana alowe ndi mwendo umodzi?"

Anaviika chala chachikulu n'kulemba mtanda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Atatero amayi ena onse anafuna asanjikepo manja nawonso, ndipo aliyense anayamba waviika. Tinaimba, tinalira, ine ndinalira kuposa onse. Nditafika kunyumba n'kumasula chitenje, ndinkaona zala zanga kuseri kwa pepala. Setifikadu inali ngati pepala lokulungira mandazi.

Sindinachite mantha msanga. Mafuta akagwera pansalu timawazapo ufa, ndiye ndinawaza ufa wambiri n'kuiika pansi pa mphasa. M'mawa Lachinayi ndinapeza nyerere za mudzi wonse zili pamsonkhano pamwamba pa dzina la mwana wanga. Ndinazikuntha. Mafuta anali pomwepo.

Ndinatenga kansanza konyowa ndi sopo pang'ono. Ndinangopukuta kawiri, n'kuona karimbu ija yayamba kulira misozi yabuluu. Apo ndinasiya msanga, ndipo ndikupempha kuti nzeru imeneyi mundiwerengere, chifukwa ndi yokhayo ndinaonetsa sabata imeneyo.

Kenako ndinakumbukira simbi. Ukaika pepala lina pamwamba n'kusita, mafuta amasamukira papepala linalo. Ndinakoleza makala, ndinang'amba tsamba m'kope lakale, ndinayala zonse patebulo. Ulendo woyamba zinathekadi, mafuta anayamba kuchoka. Mtima wanga unadzaza ndi chiyamiko moti ndinati ndithokoze Mwini wake pomwepo. Ndiye inu mukudziwa, munthu sapemphera maso ali pamtunda. Ndinatsinzina, dzanja lili pasimbi, simbi ili papepala. Ndipo mapemphero anga si afupi. Ndinayambira kukampu, ndinadutsa pa malemu bambo ake, ndinali nditangofika pa mayeso a Luzia pamene fungo linandipeza.

Panali bowo lokwana chala changa, m'mbali mwake mofiirira ngati nkhoko za mumphika. Mawu oti masamu ankaoneka bwinobwino. Pamene panalembedwa mmene anakhozera ndi pamene panali bowolo.

Lachisanu ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, ngati ndikupita kukapepesa maliro. Luzia anandichingamira ku Moatize.

"Mwabwera nayo? Ndione."

"Kuno kuli fumbi la malasha, mwana wanga. Ukaionera ku ofesi."

"Koma Mama, mwadya chipisi m'mawa uno?"

"Ndi munthu amene ndinakhala naye pampando."

(Bodza limenelo ndinalapa kale, musalitengere kwa abusa.)

Ku sekretariya, ofesi ya pakolejipo, tinapeza mayi wina wamagalasi, wa zikhadabo zofiira. Ndinamasula chitenje pang'onopang'ono, n'kuika chinthu chija patebulo pake. Luzia anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena liwu limodzi lokha: "Mama." Ndikanakonda akanandimenya.

Mayi uja anachinyamula ndi zala ziwiri n'kununkhiza. Anayamba m'Chipwitikizi, ataona nkhope yanga anatsikira m'chilankhulo chathu.

"Mayi, ichi ndi chikalata, kapena mwatibweretsera kamba?"

Ndinaulula zonse, kuyambira kwa Mayi Sabina mpaka kunyerere. Nditafika pa kutsinzina, anavula magalasi n'kugoneka mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Anaitana anzake awiri a chipinda china kuti ndibwerezenso. Ndinabwereza (ukakhala wopempha umavina nyimbo iliyonse).

Atapukuta misozi anachiyang'anitsitsa pakuwala kwa pawindo. Chingerezi chinkawerengeka, kimika inkawerengeka, karimbu anati ngakhale yalira ikudziwika. Maphunziro awiriwo anawalandira.

"Koma masamu ayi. Sindingalembe bowo m'kaundula."

"Anakhozatu, senyora! Anaposa anyamata onse. Mulungu ndi mboni!"

"Mboni imeneyo ndimailemekeza kwambiri, mayi, koma sisainira mu ofesi muno."

Tinafunsa zokatenga setifikadu ina ku Malawi. Anati imeneyo imatenga miyezi, pamene kaundula akutseka madzulo omwewo. Ndipo popeza masamu ndiwo khomo la maphunziro ena onse a Luzia, theka la chaka lija linabwerera pamalo pake. Mwana wanga anayenera kukhalanso m'kalasi kumvetsera zinthu zimene ankatha kuphunzitsa ena.

Pobwerera tinaoloka mlatho wa Zambezi. Kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Mama, pamene munkasita paja, munkapempha chiyani kwenikweni?"

"Ndinkapempha kuti iwe ndi masamu musadzasiyane."

Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ayankha."

Anamaliza sukulu, mochedwa ndi miyezi imene ndinamuwonjezera ineyo, ndipo lero amandisamala ngati dzira, Mulungu amudalitse. Mayi Sabina mpaka pano amati mafuta analibe mlandu, wolakwa ndi simbi. Ine ndinatolapo phunziro langa: pepala ndi mafuta sizigwirizana, ndipo posita munthu azipemphera ndi diso limodzi.

Dipuloma yake Luzia anaitsekera m'galasi n'kuipachika pamwamba kwambiri, pafupi ndi denga. Tsiku lina ali kuntchito ndinaona kuti chinthu chachikulu chotere sichingakhale chosadalitsidwa. Ndinakwera pampando ndi kabotolo kanga. Galasi silimwa mafuta, ndinayamba ndayesa pawindo.