Masipika Awiri Akumbuyo

Lolemba

Dzulo kuvidiyo kwanga kwalowa anthu anayi. Mmodzi wagona filimu yonse. Wina walipira mango awiri osapsa. Tsidya la msewu, kwa Che Bwanali, n'kodzaza, chonsecho mafilimu ndi omwewa. Kusiyana n'kwakuti iwo ali ndi chisipika chomveka mpaka kumsika. TV yanga imalankhula ngati mkamwini wofika kumene.

Ndagulitsa mbuzi. Yomaliza. Ndikufuna ampulifaya ya masipika ozungulira, ija mawu amatulukira kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ku Ntaja kuno palibe ali nayo.

Abiti Saidi, mayi a kunyumba kuno, sanakuwe. Bola akanakuwa. Angoti: "Mbuzi ija inali chimanga chathu cha Febuluwale. Likafika Lamulungu anthu osadzaza, chinthu chanucho ndikasinthitsa ndi chakudya ndekha." Ndavomera. M'nyumba mwatsala madeya okha.

Zosankha zilipo zitatu:

1. Ya Che Amidu okonza mawailesi. Anaipanga okha ndi wailesi ya galimoto, m'bokosi la matabwa. Mtengo: theka la mbuzi. Ikatentha amaikupiza ndi katoni.
2. Ya ku Nayuchi, yochokera ku Mozambiki. Yokongola. Mabatani onse Chipwitikizi. Mwini wake sadziwa lozimitsira, amangozula waya.
3. Ya ku Balaka, yobwera ndi munthu wa ku Joni. Mbuzi yonse, mutu ndi chikopa chomwe.

Mtima uli pa yachitatu. Mtima wangawu sufunsa thumba.

Lachiwiri

Balaka. Wogulitsa ndi munthu wa ndolo kukhutu, akundiitana madala. Pa katoni palembedwa 5.1. Ndawerenga masipika: asanu ang'onoang'ono, ndi chimodzi chachikulu ngati mtondo. Ndafunsa kuti kachidutswa kali pambuyo pa dontho ndi kati. Akuti chachikulucho. Masamu a ku Joni! Ine ndinalekezera sitandade sikisi, koma zimenezi iyayi.

Rimoti palibe. "Inatsala pa boda, madala." Pa batani lokwezera mawu anamatapo chitsekero cha botolo. Wayatsa. Chachikulu chija chagunda, m'mimba mwanga mwayankha. Sindinadye chidzukire, ndiye mwina si makina.

Ndagula. Ndapempha andichotsereko ya basi, wandipatsa waya wa mikono itatu.

Mu minibasi katoni ili pamiyendo. Mayi wina waipapasa: "Mwaupeza kuti ufa, bambo?" Ndati ndi masipika. Wandiyang'ana momwe timayang'anira munthu amene mutu wayamba kumuvuta.

Lachitatu

Waya wosakwana. Ndamasula woyanikira zovala uja. Abiti Saidi ayanika pampanda.

Masipika atatu kutsogolo, pafupi ndi TV. Awiri kumbuyo, pakhoma la bango loyang'ana kumsewu wopita kusukulu. Chachikulu pansi pa benchi. Pabolodi ndalemba ndi choko: LERO MAWU AKUMBUYO.

Alowa asanu ndi awiri. Ndaika filimu ya karate yomasulira, zija munthu mmodzi amalankhulira onse m'Chichewa, mfumu ndi mkazi wake yemwe. Kutsogolo phokoso labwino. Kumbuyo ziii! Ndaika khutu. Ziii!

Che Yusufu a kabaza, mokweza: "Akumbuyowa akusala? Ramadani inatha kalekale!" Anthu aseka. Ndaseka nawo pang'ono, mwaulemu.

Lachinayi

Ndaimbira wa ku Balaka. Akuti makina ali bwino, vuto ndi zimbale zanga, omasulira aja mawu onse amawathira mumphika umodzi. Ndayesa zimbale zonse za m'katoni, chimodzichimodzi. Choyankhula kumbuyo chapezeka chimodzi chokha: cha nkhondo, Chizungu chokhachokha, chimene anthu anachikana chaka chatha.

Koma abale! Helikopita yachokera kumbuyo kumanzere, yadutsa pamwamba pa mutu, ndawerama. Ndekha m'chisakasa, munthu wa ana atatu, ndawerama! Fumbi lagwa kudenga. Nkhuku ya Abiti Saidi yathawira pansi pa nkhokwe, mpaka pano sinatuluke.

Kumsika akuti lole ya chimanga cha chithandizo ifika kusukulu sabata ino. Anatero sabata yatha, ndi inayo. Anthu akuyenda ndi matumba opanda kanthu m'khwapa, ngakhale popita kuchimbudzi. Dzina lathu lilimo m'kaundula. Thumba lathu lili kuseri kwa chitseko.

Lachisanu

Potuluka kumzikiti ndanong'oneza awiri atatu za helikopita. Masana kwadzaza! Ena pansi, akhalira matumba awo aja. Abiti Saidi ali pakhomo kulandira ndalama, nkhope yayamba kumasuka. Kwa Che Bwanali kuli mwini wake yekha, akuthamangitsa ntchentche.

Helikopita yadutsa. Onse awerama, kenako m'manja! Ngati tsiku la Idi.

Kenako asilikali a mufilimu akudikira anzawo. Pa TV pali tchire basi. Kumbuyo injini yolemera, chapatali. Ikuyandikira. Yasintha giya. Mabuleki: tsiii!

Sindikudziwa wakuwa ndani. "Lole!"

Chitseko changa n'cha munthu mmodzi. Atulukira khoma lakumbuyo, lonse. Ndikuti ndi filimu chabe, koma mawu anga ngakhale mbuzi ija sinkawamva. A kumsika aona anthu akuthamanga ndi matumba, nawonso liwiro. Ogulitsa matemba asiya matemba. A komiti ya chithandizo afika ndi kaundula, mmodzi jekete atavala chozondotsa. Mzere mpaka kuchigayo. Aima padzuwa mpaka lapendeka. Lole kulibe.

Zowonongeka: khoma limodzi, mabenchi awiri, sipika yakumbuyo kumanzere, yaphwatalala ngati chikondamoyo chopondedwa.
Zotsala m'chisakasa: masilipasi asanu ndi anayi, palibe ofanana.

Loweruka

M'mawa abwera a Shehe. Mpando aukana. "Munthu wa njala sachita naye masewera, mwamva?" Ndapepesa. Ndati ofuna ndalama zawo za dzulo abwere. Abwera ambiri kuposa amene analowa.

Khoma ndatseka ndi ziguduli. Masana alowa khumi, Che Yusufu patsogolo, kudzamva lole imene inapusitsa Ntaja yense. Ndakweza mawu mpaka chitsekero cha botolo chakana kuzungulira. Ndalengeza isanayambe: mukamva galimoto, khalani pansi.

Filimu isanapite patali, injini kumbuyo. Yolemera bwino. Anthu kuseka, wina wakuwa "Lole!" mwachipongwe, kuseka kwawonjezeka. Abiti Saidi aimirira, akusuzumira kumsewu. Ine: "Khalani pansi, mayi, ndi sipika yakumanzereyo." Akhala. Chikwatiranireni, lero ndi tsiku limene andimvera.

Ndaganiza kuti ikumveka bwino kuposa dzulo. Ndanyadira.

Filimu yapita, yapita. Asilikali afika patchire paja, akudikira anzawo. Injini yayambanso. Kumanja kokha. Apo ndakumbukira kuti yakumanzere ili m'katoni, yophwanyika.

M'chisakasa ziii. Ulendo uno atulukira pachitseko, mmodzimmodzi, kenako liwiro.

Tafika kusukulu akusesa, lole yeniyeni itatsitsa chimanga n'kupita. Akuti anthu anabwera chozemba, osathamanga, poopa manyazi a dzulo. Dzina lathu anaitana katatu. Gawo lathu apatsa ena amene analipo. Akuti tidikire ulendo wina, tsiku sanatchule. Che Yusufu nawonso gawo lawo lapita, andidutsa pa njinga osaliza belu.

Abiti Saidi abwerera patsogolo panga njira yonse, thumba lopinda m'khwapa.

Lamulungu

Palibe walowa. Palibe ndithu, ngakhale wa mango uja.

Abiti Saidi asenza ampulifaya pamutu, masipika anayi m'chitenje, chachikulu abwerera ulendo wachiwiri. Sindinaperekeze. Che Bwanali apereka ndowa ziwiri za chimanga, akuti zikanakhala zitatu masipika akanakwana. Chimbale cha nkhondo atenga ngati basela. Waya woyanikira wabwerera pamalo pake.

Mbuzi yonse, ndowa ziwiri. Sindikufuna kuwerengera. Ndawerengera kale.

Chakumadzulo tikudya pakhonde, ana chete, aliyense ndi mbale yake. Ine ndafulatira msewu dala. Tsidya lija helikopita yadutsa, anthu m'manja, ena kukuwa kuti abwezenso.

Abiti Saidi, osandiyang'ana: "Mwamva, bambo? Akuchokera kumbuyo. Mwaulere."

Ndamva. Makinawo ndinasankha abwino ndithu.