Tsiku Limene AI Inandiulula ku Kitwe

Mpaka lero ndikamva munthu akutamanda AI ndimatuluka panja kuti ndisachimwe. Chinthu chimenechi n'chosayamika, ndiponso sichisunga chinsinsi.

Ndinkagwira ntchito pa labu ina ku Ndola yofufuza za malungo. Mnzanga Tembo, wakwathu ku Chipata amene timapempheranso mpingo umodzi ku Lubuto, analemba pulogalamu ya pakompyuta yowerenga DNA ya tizilombo ta malungo n'kunena ngati tasiya kumva mankhwala. Pulogalamuyo ndi yabwino, sindinganame. Koma malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake analemba ngati munthu wothamangira minibasi.

Tsiku lina abwana athu, Mayi Mulenga, anandiitana. "Ba ku Kitwe bafuna AI iziyendesa program iyi yeka," anatero. "Muipase chabe ma instructions ya ba Tembo, osaitandiza, muone ngati izakwanisa. Contract yanu isila month end, so report iyi ndiye izamikambilani."

Ndinayamba mokhulupirika. AI inawerenga malangizowo, kenako inayamba kufunafuna fayilo imene Tembo sanaitchule n'komwe (imakhala pa fulashi yomangirira ku makiyi a nyumba yake). Inafuna apa, inafuna apo, ine mtima kuwawa. Kwathu sitinaleredwe kuti tizionerera mlendo akusochera ife njira tikuidziwa. Ndinakabwereka fulashiyo n'kulembera AI ija kuti, "Fayilo ija nayi." Ndinadziuza kuti ndi kamodzi kokha.

Posakhalitsa inakodwanso. Aliyense pa labu pathu ankadziwa kuti gawo lachitatu ndilo limayamba, lachiwiri pambuyo, koma Tembo sanavutike kukonza. Ndinaiuzanso. Pofika masana ndinali nditasiya zonong'oneza, ndikuikalipira ngati woonerera nsolo amene pakamwa pamamuyabwa. Inamaliza bwinobwino n'kundithokoza mwaulemu, ine n'kulemba mu lipoti kuti malangizo ndi omveka. (Musandiyang'ane choncho. Kwa ine anali omvekadi.)

Ndiye linafika tsiku lokaonetsa ku Kitwe. Chipinda chinadzaza, madokotala kutsogolo, zonse za pakompyuta zikuoneka pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. AI inayamba bwino, inafika pa fayilo ija, inaima. Ine ndinakhalira manja anga kuti asandipereke.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti chinthuchi chimasunga zimene chauzidwa. Chinalemba pakhoma kuti, "Malangizowa paokha sakukwanira. Ulendo watha anandithandiza ndi amene ankandiyesa. Kodi alipo?" Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, chinatulutsa mawu anga onse monga ndinawalembera. Dokotala wina wachikulire, amene magalasi anamuthandiza kwambiri tsikulo, anawerenga mokweza: "Iwe chisilu, yamba na step three, nakuuza kangati?"

Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa ndi madzi. Mayi Mulenga okha ndi amene sanaseke. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kufunsa, "Ba tester, ilefwaya imwe, ifuna imwe. Simuzaiyanka?"

Ndinapsa mtima kuposa kuchita manyazi. Ine ndinachigwira dzanja tsiku lonse, nkhomaliro osadya, icho n'kudzandivula pagulu! Pobwerera, mumsewu wonse wa ku Ndola, Tembo ankangopukusa mutu ngati iye ndiye wolakwiridwa.

"Wakwatu, sembe unaniuza chabe, nenze kukonza," anatero.

"Iwe ndiwe unalemba vopanda mutu," ndinayankha. "Fayilo ya nchito ungaimangilile ku ma keys?"

"Koma report unasaina ndiwe."

Ndinaugwira mtima, chifukwa abwana anali pampando wakutsogolo, komanso Lamlungu lake tinali ndi mgonero.

Mayi Mulenga anandipatsa mwayi womaliza. Anati ine ndi Tembo tilembenso malangizowo, AI iyesedwenso, koma oiyang'anira akhale iwowo, ine ndikhale kunja kwa chipinda. Akaona kuti ndikhoza kusiya chinthu chidziyendere chokha, ntchito ipitirira. Tinalemba ndi mtima wonse, ngakhale tinkalankhulana mokuluwika.

Pa tsiku la mayesowo ndinaima panja ndikusuzumira pawindo. Gawo loyamba linadutsa, lotsatira linadutsanso. Kenako ndinaona kuti AI yaima, ikufunafuna. Tinaiwala kulemba kumene zotsatira zimakasungidwa. Mwina ikanapeza yokha, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinangozindikira ndikugogoda pagalasi, chala chikuloza pakompyuta, pakamwa pakutchula dzina la foda.

Abwana ananyamuka, anandiyang'ana kanthawi, n'kutseka katani.

Panopa ndikuthandiza alamu anga kugulitsa zitsulo ku Wusakile, ku Kitwe komweko. Tembo akadali pa labu, ndipo ndamva kuti malangizo ake anthu akuwayamikira. Ine ndimati wolakwa ndi yemweyo, ndi chi-AI chakecho. Makasitomala kuno sadandaula nane, kupatula bambo wina dzulo amene anati anangobwera kudzagula misomali, sanapemphe kuti ndikamukhomere.