Misozi ya Galimoto Zakufa

Kanthu kanga aka kamalira kuti kaone njira, ndipo kakafa anzake amagawana misozi yake. N'chiyani? Musavutike. Ine yankho ndinalipeza mu ofesi ya ahedi, bulauzi ili yonyowa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimafuna kulowa pansi pa tebulo.

Zilape ndinazolowera kwa agogo ku Dedza. Titasamukira ku Mzimba boma, ine ndi bambo awiriwiri, ndinazindikira kuti chilape chimafuna munthu woyankha. Anzanga a m'kalasi ankayankhula Chitumbuka chothamanga ngati njinga yoduka mabuleki, ine n'kumangotolapo "yewo" ndi "chomene". Ndikaweruka ndinkapita kuntchito kwa bambo, kubwalo la galimoto zakufa kuseri kwa msika, kumene ankamasula zitsulo zogulitsa. Kumeneko ndinali ndi lole yanga yopanda matayala. Ndinkakhala pampando wa dalaivala n'kuponya chilape, kenako n'kusamukira pampando winawo kukayankha.

Ndiye kunabwera nkhani ya kwaya. Sukulu yathu inkakaimba pa chikondwerero cha ufulu, pamaso pa akuluakulu a chipani. Ahedi, mayi NyaJere, anamva mawu anga n'kundilemba, koma anati Lachisanu aliyense abwere ndi bulauzi yoyera kuti mbee, apo ayi atsala. Yanga inali itasanduka mtundu wa phala la mgaiwa. Tiwonge, mtsikana woyambitsa nyimbo, anaiyang'ana n'kundiuza kuti kwawo amachapira buluu woyeretsa zovala. Anali mawu oyamba amene mtsikana wa ku Mzimba anandiyankhula asanatumidwe ndi aphunzitsi. Ndinawasunga ngati switi.

M'nyumba ya bambo buluu analibe malo. Munali sopo mmodzi wochapira zonse, kuyambira ovolosi mpaka mutu wanga. Koma Lachinayi, ndili m'lole, ndinaona bambo akutsegula boneti ya pikapu yangozi yochokera ku Joni. Analowetsa kapaipi m'kathanki koyera, madzi abuluu n'kumatsikira m'chitini. Anawasefa ndi kansalu, anathira m'botolo la sikwashi, n'kukaika m'shedi pamodzi ndi mabotolo ena. Ndinati Mulungu wandiyankha kudzera m'pikapu.

Botolo lija ndinangolitenga, sindinafunse. Bambo anali munthu wa mawu atatu patsiku, ndipo a tsikulo anali atatha kale.

Theka la botolo ndinanyikamo bulauzi. Fungo linandiluma m'mphuno, ine n'kuti buluu wa ku Joni ngwamphamvu ndithu. Wina ndinathira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, mphatso ya Tiwonge. M'mutu mwanga zonse zinali zitachitika kale: iye akuti yewo, ine ndikumuponyera chilape, tikuyenda limodzi mpaka pamlatho.

Kuzizira kwa ku Mzimba sikuumitsa chovala. M'mawa bulauzi inali yonyowabe, ili ndi mawanga ngati mapu a pakhoma la kalasi. Ndinaivala choncho, poganiza kuti dzuwa limalizitsa ntchito.

Pamzere atsikana anayamba kusunthira kutali. Ahedi atafika pa ine anaima, ananunkhiza, n'kuona chotupa m'thumba la siketi. Anatsegula kabotolo kaja n'kubweza mutu ngati walumidwa ndi njuchi.

Mu ofesi anandifunsa kuti ndamwa wochuluka bwanji. Ndinati sindinamwe, ndinangonyikamo bulauzi. 

"Wautenga kuti?"

"Kwa bambo, madamu. Ali ndi mabotolo ambiri m'shedi."

"Amatcheza okha?"

"Ayi, amachita kukoka ndi paipi. Wamphamvu ndi wa ku Joni."

"Nanga amapatsa ndani?"

"Madalaivala, madamu. Amati akathira pang'ono asananyamuke, msewu wa ku Kasungu amauona bwino."

Ndinkangobwereza zimene ndinamva ndili m'lole. Zoti amathira pati, sindinaziganizirepo. Ahedi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatchula ngodya zinayi za dziko, n'kukhazikika pa kusunga mwambo. Kenako anatuma mlonda kukaitana bambo, ndi uthenga woti akachedwa, nkhani ya munthu womwetsa kachasu madalaivala ndi ana asukulu ikafika kwa apampando a chipani dzuwa lisanafike pamutu.

Bambo anabwera ndi ovolosi yawo yamafuta, botolo lili m'khwapa. Anamvetsera mlandu wonse chipewa chili m'manja. Kenako anapempha nyuzipepala yakale, n'kuyamba aitembenuza uku ndi uku kuti aone ngati mulibe chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Anathira madzi aja pazenera la ofesi, napukuta. Zenera limene linali lisanaonetsepo kunja chimangidwire sukulu linaonetsa nkhope za kwaya yonse, zikusuzumira.

"Ndi madzi otsukira galasi la kutsogolo, madamu," anatero bambo. "Amene amathovokera pagalasi mawaipala akamapukuta. Galimoto ikafa, timasungira zamoyo. Koma munthu akamwa, maso amafa, mwinanso mwini wake." Ndiye anatembenukira kwa ine. "Esinati, ukanafunsa."

Tsiku limenelo anatha mawu a sabata yathunthu. Misozi ya m'chilape chija ndi imeneyo.

Ahedi anati, "Yewo chomene, adada," n'kufunsa ngati botololo angalisiye. Bambo atabwerera kuntchito analemba POIZONI ndi penti yofiira pa botolo lililonse m'shedi. Ine m'kwaya ndinachotsedwa, poti palibe akanaimika mapu kutsogolo kwa apampando. Chilango changa chinali kupukuta mazenera onse a sukulu. Tiwonge mphatso yake sanalandire, koma iye anandipatsa yanga: dzina loti Waipala. Linafala mpaka ku Sitandade Wani. Kunena zoona, kanali koyamba ku Mzimba kuti anthu azindiitana.

Phunziro langa n'lalifupi: botolo lopanda dzina uyambe wafunsa mwini wake, ngakhale mawu ake a tsikulo atatha.

Masana amene kwaya inkayeserera komaliza, ine ndinali pazenera lomaliza, ndikuwaona bwinobwino anzanga chifukwa cha ntchito ya manja anga. Bambo anabwera kudzatenga botolo lawo, ahedi akuyendera magalasi, kumbuyo kwawo kuli Wezi, mwana wa ahediwo wa zaka zisanu. Wezi anayang'ana botolo, anayang'ana bambo, n'kukoka chitenje cha amayi ake.

"Amama, kasi galimoto zonse zija zinafa chifukwa chomwa zimenezi?"