Ndapha alonda a thonje lathu

Lolemba
Kumunda ndapeza Tadala, mwana wanga wongoyamba kukwawa, ali ndi kachilombo kakuda kaminga m'kamwa. Ndakachotsa ndi chala. Thonje lathu ndi lija latsopano losinthidwa ndi asayansi, limene bambo ake adadzala asanapite kukagwira ganyu ku Bwanje. Kumjigo amati mbewu imeneyi imabala zilombo. Ndavundukula masamba, tizilomboto tadzaza. Chaka chatha tikupopera mankhwala pafupipafupi kunalibe. Ndithana nato bambo ake asanabwere.

Lachiwiri
Mwana sakutentha thupi, akungoseka. Amene sakudya ndine.
Ndapha: takuda taminga, tizikumbu tofiira ta madontho, akangaude, chiswamphika. Ameneyu ndamupha ndi ndodo, osati dzanja, poti amati amaswetsa miphika. Miphika yanga ndi yochepa kale.

Lachitatu
Amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi abwera kudzandithandiza kupha tizilomboti. Ndawafotokozera ngati nesi wa ku Mua. Amake Fane akuti, "Mwatipulumutsa, nanenso ndikayeretsa kwanga." Ndamva kukoma, ndisaname.

Lachinayi
Ndapita nato kwa alangizi ku Golomoti m'botolo la mafuta ophikira. Anthu atizungulira. Alangizi akhuthulira patebulo. "Mayi, wakupherani alonda ndani?" Ndati ndangotola.
Akuti thonjeli limapha mbozi zokha. Tizilomboti tachuluka chifukwa tachepetsa kupopera, ndipo ntchito yake ndi kudya nsabwe za m'masamba. Takudato ndi ana a tofiirato. Nanga mwana? "Angomva kuwawa m'kamwa basi."
Mu minibasi ndafunda chitenje kumutu, dzuwa lonseli.

Lachisanu
Nsabwe! Masamba akupiringizika, akumata m'manja ngati shuga. Kwa amake Fane chimodzimodzi. Madzi ndakatunga kumjigo wakutali.

Loweruka
Ndalowa m'munda wa apongozi ndi kapu, kutola tizikumbu tamoyo toti ndikaike kwathu. Andipeza nditagwada. "Amake Tadala, anzanu amaba chimanga. Inu mukuba chiyani?" Ndawaonetsa. Aseka mpaka akhala pansi. Pamene ndikufika kumunda kwathu tambiri tauluka kale.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni, koma amake Fane atembenukabe.
Bambo ake a Tadala afika masana. Nkhani aimvera kale pasiteji. Aima m'munda, manja m'chiuno, akuti mawa akabwereka pampu, mwina theka lipulumuka. Ndawapempha asapopere mizere iwiri ya kumapeto, kuli alonda amene ndidaba dzulo.
Andiyang'ana. "Mayina mwawapatsa kale?"
Ndangonyamula mwana.